Fodya wa Azakhali

Lolemba, 8 Juni
Kope latsopano. Aphunzitsi akuti ndimalemba bwino kuposa kuyankhula. Sakunama.
Chifuwa cha azakhali mwezi wachinayi uno. Masitepe a ku shopu yawo yosoka, kupumira kawiri. Akuti ndi fumbi la nsalu. Fumbi lake lonunkha fodya.

Lachitatu, 10 Juni
Ndawaperekeza kuchipatala chaching'ono chija. Anamwino: "Mayi, mumasuta?" Azakhali maso gwa: "Ine? Munthu wa kwaya?" Basi, alemba kuti ayi. Mankhwala a chifuwa omwe aja, kachitatu tsopano.
Ine duu pabenchi. Chonsecho amene amasesa tizidutswa ta ndudu kuseri kwa bafa ndine. Pakhoma pali pepala: osuta amene mumabanika, yezetsani mapapo. Ndaliwerenga katatu.

Lachinayi, 11 Juni
Ndalemba kakalata. Kung'amba kanayi. Komaliza: "Azakhali anga amasuta kuyambira ndisanabadwe. Amachita manyazi. Chonde ayezeni, koma musanditchule." Ndapereka kwa anamwino pochokera kusukulu, liwiro. Pageti ndakumbukira kuti sindinalembe dzina lawo. Kubwereranso. Anamwino kuseka mpaka misozi.

Lachiwiri, 16 Juni
Awaitana pafoni, akuti chifuwacho chakhalitsa. Avala diresi ya maluwa ngati akukajambulitsa.
Kuyeza mapapo: kopanira pamphuno, kapaipi pakamwa. Anamwino: "Uzirani, uzirani, musasiye!" Katatu. Azakhali akuti, "Mwana wanga, ndikuzimitsa nyumba yoyaka kodi?"
Kenako funso la fodya lija, mwapansipansi. Azakhali: "Kamodzikamodzi." Anamwino kuwayang'ana. "Chabwino, ndudu zisanu ndi ziwiri patsiku."
Anamwino akuti njira za mpweya zachepa. Matenda okhalitsa, satheratu. Koma akuti apezeka msanga, akasiya fodya aimba kwaya zaka zambiri. Awapatsa mankhwala opopera m'kamwa. Pobwerera andigulira ayisikilimu, sindikudziwa chifukwa.

Loweruka, 20 Juni
Akudziwa. Anamwino sananene, koma azakhali anaona kakalata kaja m'faelo yawo. Dzulo tikupinda nsalu anangoti, "Kamwana kosayankhula ndiye koopsa." Ndinafuna kulowa pansi. Kenako andipatsa paketi yonse ya ndudu: "Bisa. Ndikalira usandipatse, ndikakuopseza usandipatse."
Lero tsiku lachiwiri osasuta. Akalipira mphaka, akalipira wailesi. Panopa akutsegula makabati kukhitchini, eti akufuna sizasi. Sizasi ili m'khosi mwawo pachingwe.
Paketi ndaikhalira. Akubwera kuno. Sindidzuka.