Loko wa Pageti la Parishi

Lamulungu, 5 Okutobala

Misa itatha, Bambo Mfumu anati tikhale kaye pansi. Ati Ambuye Episkopi awasamutsira ku parishi ina yakutali, ndipo anyamuka Loweruka pa 18. Ananena ngati akulengeza nthawi yoyeseza nyimbo. M'tchalitchi munangoti zii, kenako kumbuyo wina anayamba kulira, basi chiphokoso.

Maso onse kwa ine. Ndine wapampando wa khonsolo ya parishi, inde, koma nanenso ndazimvera pabenchi pomwepo ngati wina aliyense. Alito, mkulu wa kwaya, anandigwira mkono pakhomo: "Apampando, tinakuvoterani kuti muzingotiyang'ana?" Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndilembe poyera poti bukuli saliwerenga munthu. Mzime wanga ali ku seminale ndipo akuyembekeza kudzozedwa udikoni mu Disembala. Wovomereza kapena kukana ndi Ambuye omwewo amene anthu akufuna ndikakangane nawo. Ndikuchita mantha.

Lolemba, 6 Okutobala

Amuna anga, amene muno ndimawatcha Otsutsa poti amapemphera mpingo wina ndipo sasowa chonena pa za wathu, lero apeza pothera malovu. Tikuyala misomali ndi mahinjesi a zitseko kushopu kwathu, iwo: "Kwathu abusa akatitopetsa timavota, amapita. Akatikomera timavota, amakhala. Kwanu ndi boma lanji? Mfumu imangosuntha nduna, inu n'kumati Amen."

Ndati Mpingo si boma. Ati nanga bwanji uli ndi malamulo, makhoti, malire, mpaka akazembe? Mwamwayi kunabwera munthu wofuna penti.

Koma zandikhala pamtima. Ine anandisankha ndi anthu, holo yodzaza, manja m'mwamba. Bambo Mfumu (ndiziwalemba B.M.) anawaika ndi Ambuye. Ambuye anawaika ndi Papa. Papa amasankhidwa ndi anthu ochepa atadzitsekera m'chipinda. Ndiye pa tonsefe mwina wamavoti ambiri ndine, wopanda mphamvu ndinenso. Masamu amenewa akundizunguza mutu.

Lachitatu, 8 Okutobala

Msonkhano wa khonsolo. Aliyense anali ndi yake: B.M. sathawa maliro a munthu wosauka, B.M. anagona pabenchi ya chipatala mwamuna wa uje akumwalira, B.M. amadziwa maina a ana athu kuposa abambo awo. Tinavota kuti asachoke, manja onse m'mwamba, ena mpaka awiri.

Kenako katekisiti anatsokomola kamodzi, kutsokomola kwake kuja kobweretsa tsoka. Ati voti ya khonsolo ndi uphungu chabe, si chigamulo.

"Ndiye tavoteranji?" anafunsa Alito.

"Kuti atimve."

"Atimve n'kutani?"

"Basi, atimve."

B.M. anatha msonkhano wonse akungozunguliza wotchi pamkono. Anthu atatuluka ndinawafunsa, "Bambo, inuyo mukufuna kupita?" Ati, "Funso limenelo mulibe m'ntchito yathu, amayi." Koma maso anali ofiira.

Atituma atatu kwa Ambuye: ine, Alito ndi katekisiti. Woyankhula ndine.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndasita diresi, ndalipinda, ndalisitanso. Munthu amavala chiyani popita kukatsutsa amene wagwira tsogolo la mwana wake?

Lachisanu, 10 Okutobala

Kunyumba ya Ambuye pansi pamaterera ndi polishi. Chipinda chodikirira chili ndi zithunzi za maepiskopi akale, onse akukuyang'ana ngati wachedwa Misa. Atalowa eniake sindinadziwe kuti ndigwade kapena ndipereke moni wapamanja. Alito anagwada, katekisiti anapsompsona mphete, ine ndinachita theka la chilichonse n'kutsala pang'ono kugwa.

Ndimayembekezera chimunthu choopsa. Ndi munthu wamfupi, wachifuwa, ndipo tiyi anatithirira okha. Ndinayankhula zonse zimene tinagwirizana. Anamvetsera atatsinzina. Nditamaliza ananena mawu amodzi: "Ndamva."

Alito ananditsina pantchafu ndi chimwemwe.

Potuluka Ambuye anandigwira dzanja, anzanga ali patsogolo pang'ono. Anatsitsa mawu: "Mayi, mwana wanu uja wa ku seminale, ndikumuganizira kwambiri masiku ano." N'kumwetulira.

M'basi mkangano. Alito akuti nkhani yatha, munthu wamkulu akati ndamva ndiye kuti wavomera, ngakhale mwana ukamutuma n'kuti ndamva amapita. Katekisiti akuti kumva n'kwina, kumvera n'kwina, ndipo m'Mpingo kumva kumakwera m'mwamba, kumvera kumatsika pansi. Ine sindinalowerere. M'mutu mwanga munali "ndikumuganizira" basi. Ndi moni kodi? Ndi chenjezo? Kumwetulira kuja kunali kwa mtundu wanji?

Lamulungu, 12 Okutobala

Nkhani inandipitirira panjira. Pofika kutchalitchi Alito anali atauza kale dziko lonse kuti tapambana. Nthawi ya zolengeza anandiitana kutsogolo. Ndinasamala kwambiri, ndinangoti, "Ambuye ati amva." Nthungululu, m'manja, ng'oma. Ndinafuna kuwonjezera kuti sindikudziwa tanthauzo lake, koma ndani akanandimva?

B.M. anali atazolika. Panja anandiuza mwakachetechete kuti ayamba kale kulongedza mabuku m'makatoni.

Ndiye ndanama kapena sindinaname? Ndabwereza mawu a mwini wake osasintha ngakhale pamodzi, koma anthu apita kwawo ndi bodza.

Lolemba, 13 Okutobala

Foni ya Mzime siikupezeka. Ndayesa m'mawa, masana, madzulo.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Zadziwika. Palibe chasintha, wansembe watsopano afika Loweruka lomwe lija. Anthu apsa mtima kuposa poyamba, akuti Ambuye atipusitsa. Ena akuti ndawapusitsa ndine.

Madzulo anakumana muholo popanda kundifunsa, ine anangondiitana kudzakhala pampando. Agwirizana kutseka geti la parishi Loweruka, watsopanoyo asalowe. Ndinati tidikire kaye, tipitenso kwa Ambuye. Wina kumbuyo anakuwa, "Akamvenso?" Holo yonse kuseka.

Alito anabwera kushopu kudzagula tcheni ndi loko. Otsutsa anam'sankhira wamkulu uja wachitsulo cholimba, amene macheka amalephera, akuseka kuti sanaganizepo kuti adzathandiza kuukira boma ali m'shopu mwawo. Makiyi onse awiri Alito anawaika m'dzanja langa. "Ndinu apampando. Sitikufuna wina adzatsegule mwaphuma."

Lachinayi, 16 Okutobala

Makiyi ndawamangirira pakolona kuti asasowe. Ndikamapemphera amalira.

Otsutsa asiya nthabwala. Lero potseka shopu anaima ndi chitsulo chokokera chitseko m'manja, n'kuti, "Mayi, mwana uja ndinamukaniza ine kupita kumeneko, mukukumbuka. Anapita ndithu, wapirira zaka zonsezi. Musamuphere pakhomo." Ndati nanga si inu munagulitsa loko? Ati kugulitsa loko ndi ntchito, kusunga kiyi ndi mlandu.

Ndinapita kwa katekisiti kuti andimasulire. Ndinam'funsa ngati Ambuye angalange mwana chifukwa cha mayi ake. Ati malamulo salola zotero. Ndati ndiye zili bwino. Ati koma malamulo omwewo sawakakamiza kudzoza munthu amene akumukayikira, ndipo apilo ya zimenezo ndi yotalika kuposa moyo wa nkhuku. Anawonjezeranso china chimene sindimachidziwa: m'dayosizi muno Bambo Mfumu akachoka, khonsolo yake imathera pomwepo, mpaka watsopano aitanitse ina. Ndiye kuti Loweruka galimoto ya B.M. ikangotuluka, ine sindinenso wapampando wa chilichonse.

Boma limene limagwa popanda wolivotera kuti ligwe. Anthu akunditcha mtsogoleri, Ambuye akunditcha mayi, B.M. akunditcha amayi, ine sindikudziwa ndine ndani pankhaniyi. Foni ya Mzime siikupezekabe, ndipo mtima ukundiuza zoipa zokhazokha.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndilembe ndisanaiwale.

Tinatseka m'mawa. Anthu anadzaza m'kati mwa mpanda, kwaya patsogolo, nyimbo za Maria motsatizana. Galimoto ya B.M. inali pabwalo, makatoni mpaka kudenga, matiresi atamangidwa pamwamba. Dzuwa litakwera inafika galimoto ya ku dayosizi n'kuima kunja. Anatsika wansembe wowonda, wa magalasi, chikwama chimodzi m'manja. Ndinaganiza kuti akalipa kapena aimba foni. Anangoyang'ana loko, n'kuika chikwama pansi, n'kuyamba kuimba nafe nyimbo yathu yomwe. Amaidziwa mavesi onse. Anthu ena anasokonezeka, mawu anayamba kuchepa, Alito n'kukweza manja kuti tikweze.

Kenako B.M. anatuluka m'nyumba ya ansembe, anadutsa pakati pa anthu mpaka pamene ndinaima. Sanakweze mawu. "Amayi, mwatsekera ndani? Mbale wangayo kunja, kapena ine m'kati?"

Ndati, "Bambo, anthu sakufuna mupite."

Ati, "Ndikudziwa. Nanenso usiku sindigona. Koma ndinaika manja anga m'manja mwa Episkopi ndili mnyamata n'kulonjeza kumvera, palibe anandikakamiza."

Alito mbali inayi: "Limbani mtima, apampando! Tonse tili pambuyo panu!"

Ndinene zoona. Pa nthawi imeneyo sindinaganize za B.M., kapena za anthu amene anandikwezera manja, kapena za malamulo a katekisiti. Ndinaona Mzime yekha, atabwerera kunyumba ndi sutikesi, akuyala misomali m'shopu ya bambo ake, anzake atavala zoyera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatulutsa kolona m'thumba n'kutsegula.

Tcheni itagwa pansi nyimbo inaduka pakati. Galimoto imodzi inatuluka, ina inalowa. B.M. anakweza dzanja pawindo, sindikudziwa ngati amatidalitsa kapena amabisa nkhope.

Alito anandiyandikira mpaka ndinamva mpweya wake. "Mwatigulitsa chifukwa cha mwana wanu." Anthu onse anamva. Sindinakane.

Lamulungu, 19 Okutobala

Pabenchi yanga panali malo a anthu atatu mbali iyi ndi atatu mbali iyo. Nthawi yopatsana mtendere manja anandidumpha. Kwaya inakhala pamalo pake koma sinatsegule pakamwa, Misa yonse wansembe watsopano anaimba yekha ndi agogo awiri. Pomaliza analengeza kuti za khonsolo tidzamva mtsogolo.

Lolemba, 20 Okutobala

Mzime waimba! Ndinali pamakwerero ndikutsitsa mapaipi, ndinatsala pang'ono kudumpha. Ati anali pa m'bindikiro, mafoni anasungitsa kwa mkulu wa seminale. Mawu ake owala ngati a mwana wakhoza mayeso.

"Amayi, zatheka! Disembala ndikudzozedwa. Ambuye anavomereza mwezi watha, kungoti anatiuza tisunge pakamwa mpaka titatuluka m'bindikiro."

Mwezi watha. Ndisanapite n'komwe kunyumba ya polishi ija.

Ati Ambuye anabwera kudzatseka m'bindikiro dzulo, ndipo anamuuza kuti anakumana nane, ankafunitsitsa kundinong'oneza nkhani yabwinoyo koma panali anthu. Ndinakhala pansi pa thumba la simenti. Za geti Mzime anali atamva kale, nkhani za m'Mpingo zimathamanga kuposa za pawailesi.

Ndinam'funsa, "Mwanawe, ndikanapanda kutsegula, zikanasintha?"

"Sindikudziwa, amayi."

Ndiye ndapulumutsa mwana, kapena ndataya anthu anga pachabe? Otsutsa ati ndisadzifunse zimenezo, ndingokondwa. Ndakondwa, Mulungu akudziwa kuti ndakondwa, ndalira mpaka kasitomala anabwerera pakhomo. Koma chimwemwe chake chili ngati nsapato yatsopano yothina.

Asanadule, Mzime anapempha chinthu chimodzi. Ati wodzozedwa aliyense amaloledwa kubweretsa kwaya ya kwawo kudzaimba nyimbo imodzi, ndipo iye akufuna Alito, amene anam'phunzitsa kuimba asanayambe n'komwe sukulu. "Mukawapemphe inuyo, amayi. Inu sangakukanireni."

Ndati ndayesa... ayi, ndati ndikayesa.

Lachitatu, 22 Okutobala

Ndinadutsa pamsewu wa Alito, ndinafika mpaka pa mpope, n'kubwerera.

Lachinayi, 23 Okutobala

Lero ndinafika. Pakhonde panali nsapato zake ndi beseni la zovala zonyowa, m'kati wailesi ikulira. Ndinati odi. Wailesi inazima. Ndinati odi kachiwiri, n'kugogoda.

"Ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti apampando, n'kukumbukira. Ndinati, "Ndine mayi ake a mwana wanu uja. Wandituma."

Ndinamva mpando ukukokedwa, mapazi akubwera mpaka kuseri kwa chitseko, n'kuima. Ndinanena zonse ndili panja, ndikuyankhula ndi thabwa: za Disembala, za nyimbo imodzi, kuti mwanayo sakufuna wina koma iwo.

Ndinamva akumina. Kenako, ndi mawu osasa:

"Kankhani, sichokhoma. Kutsegula mumakudziwa."