Abambo ndi Ng'ombe ya Tsitsi Lotseka Maso

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ife kuno ku Glasgow tilipo, mvula yake ndi yomwe ija ndinkakudandaulirani pafoni, yosadziwa chilimwe. Ndiyambe ndi za kumudzi, poti ndi zimene mukanafunsa poyamba. Mkazi wa achimwene Yohane anachira bwinobwino mu Meyi, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Akuti akalira mudzi wonse umadziwa, ndiye dzinalo silinalakwike. Chimanga chachita bwino kumunda wa kudambo, koma mtedza wanu agawana agologolo ndi mbewa chifukwa panalibe wokalipa.

Nkhani yeniyeni ndi ya amuna anu. Abambo ali kwathu kuno ku Springburn. Tinawaitanitsa mu Juni kuti mwina akasintha malo mtima ungakhale pansi. Amayi, tsiku lokawalandira ku bwalo la ndege ndinawapitirira. Ine ndinkafunafuna aphunzitsi aja a mutu wosalala ndi tayi, osadziwa kuti munthu wa ndevu amene waima pambali ngati mneneri ndiye bambo anga ondibereka. Inu simunazione izi: tsiku lometa maliro anu tonse tinameta, koma iwo anakana, amvekere mutu umenewu uli ndi mwini wake. Paja zaka zonse zija ndinu munkawameta pakhonde Loweruka lomaliza la mwezi, uku mukuwazazira kuti, "Khalani bwino aphunzitsi, makutuwa si anga." Chichokereni inu palibe anawakhudzapo kumutu, ndipo tsopano yakwana miyezi khumi.

Likanakhala tsitsi lokha sindikanadandaula. Chinkandiopsa ndi kukhala chete kwawo. Munthu uja ankakonza Chingerezi cha owerenga nkhani pa wailesi anangotsala ndi "eya" ndi "ayi". Tsiku lonse pawindo, kuonerera mabasi. Ndinayesa kupita nawo kwa ometa a pamsewu wathu, anangoima pakhomo n'kubwerera. Tikiti yawo yobwerera ndi ya mwezi wamawa, ndipo ine mantha anali atandigwira: ndiwabweza bwanji ku nyumba yopanda inu ali chonchi?

Mwamwayi amayi a kutchalitchi kwathu anakonza ulendo wa kumapiri a kumpoto, kokaona nyama. Wotsogolera anali Mayi Nkhoma, amene mukanagwirizana nawo chifukwa nawonso kunong'ona sadziwa. Tinadzaza minibasi ndi mpunga, nkhuku, mandasi ndi mafulasiki a tiyi ngati tikupita ku chinkhoswe. Tadala wanga, amene tsopano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anakhala pafupi ndi agogo ake. Mwanayu Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno chimene ngakhale aphunzitsi chimawapita pambali.

Mapiri ake ndi odabwitsa, Amayi. Palibe munda, palibe mudzi, palibe ngakhale munthu wotola nkhuni. Mayi Nkhoma anangoti, "Malo onsewa angokhala? Wina andibwereke khasu." Titafika, mayi wachizungu woonetsa alendo anatilowetsa m'kanyumba ka matabwa ka timawindo ting'onoting'ono, n'kutiuza kuti tikhale chete chifukwa kukubwera nyama yosowa kwambiri. Tinakhaladi chete, anthu akuluakulu, manesi ndi madikoni omwe. Nthawi yonseyi tikudyedwa ndi tizilombo touluka ta kumeneko, tating'ono kuposa udzudzu. Udzudzu wathu uli ndi ulemu, umayamba waimba kaye. Iti timangofikira kuluma.

Patapita pafupifupi ola, azungu amene tinali nawo anayamba kukodolana, makamera awo aatali ngati munsi ataloza panja. Nanenso ndinasuzumira. Amayi, anali gologolo. Gologolo mmodzi wofiira, akudya mtedza womuikira dala m'kabokosi. Bambo wina pafupi nane mpaka anapukuta msozi. Ine ndinakuonani inu mukuthamangitsa abale ake ndi miyala kumunda, mukukuwa kuti, "Munandithandiza kupalira inu?" Ndiye Mayi Nkhoma anayesa kunong'ona, ndipo kunong'onako kunamveka mpaka kumsewu: "Asisi, tadzuka folo koloko chifukwa cha gologolo?" Gologolo anathawa, ife tinatuluka m'kanyumbamo mitu ili pansi.

Kenako anatitengera pamtunda kukaona agwape akuno, aakulu ngati ana a ng'ombe, a nyanga za nthambinthambi. Mayi Nkhoma anafunsa ngati amadyedwa. Woonetsa alendo uja anati inde, nyama yake ndi yokoma. "Nanga tikudikira chiyani?" Gulu lonse linafa nalo phwete, koma nditacheuka ndinaona abambo akubwera kumbuyo okhaokha, manja kumsana, nkhope ili yomwe ija ya pawindo. Pamenepo ndinataya mtima. Ndinati ulendowu tangovutikira pachabe.

Pobwerera ku minibasi tinadutsa pampanda wa ng'ombe za kumapiriko. Sindidziwa kuti ndikufotokozereni bwanji. Ndi zofiirira, nyanga zotambalala, ubweya wolendewera mpaka m'mawondo, ndipo tsitsi la pamphumi limatseka maso moti sudziwa ngati ikukuona. Anthu amachokera kutali kudzajambulitsa nazo. Imodzi inasiya anzake, inabwera pang'onopang'ono n'kudzaima pamene panaima abambo. Anayang'anizana. Mphepo inkakankhira ndevu za abambo ndi tsitsi la ng'ombeyo mbali imodzi.

Ndiye mdzukulu wanu anakuwa, chala chili kutsogolo: "Mammy, look! It's Agogo's twin!" Kunena kuti agogo ake apeza mnzawo wobadwa naye mapasa. Ndinamutsina mwanayo paphewa. Amayi onse anayamba kuyang'ana mapiri ngati akuwaona kumene, ndipo Mayi Nkhoma anasowa chonena, zimene sindinaonepo chiwadziwireni.

Abambo anapitiriza kuiyang'anitsitsa ng'ombe ija. Kenako anatembenukira kwa woonetsa alendo, anakonza kukhosi, n'kufunsa m'Chingerezi chawo chija cha pa asembule ya kusukulu kuti, "Pepani mayi, kodi ameneyunso mkazi wake anamwalira?"

Mayiyo, wosadziwa kanthu, anayankha mwaulemu kuti ayi, ng'ombeyi ndi yaikazi, ndipo ndi mmene zimakhalira, sazimeta. Abambo anagwedeza mutu. "Ndiye uyu alibe chifukwa. Ndi ulesi chabe."

Ndipo anaseka, Amayi. Kuseka kwawo kuja koyambira m'mapewa. Anaseka mpaka anagwira mpanda ndi manja onse awiri, ndipo sindinadziwe pamene kuseka kunathera ndi pamene kulira kunayambira. Analira mokweza, kulira kumene sanalire pa maliro anu. Ine ndinawagwira mkono n'kulira nawo. Mayi Nkhoma, poona kuti zafika apa, anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, amayi onse n'kuvomera, azungu atangoima ndi makamera awo osadziwa kuti ajambule kapena avule zipewa. Ng'ombe ija inangopitiriza kubzikula.

Ulendo wonse wobwerera abambo sanatseke pakamwa. Anamuuza Tadala za ng'ombe za agogo awo ku Ntcheu, mayina ake imodzi ndi imodzi. Anamuuza mmene munakumanirana kuchigayo, inu mutawakalipira chifukwa cholowerera pamzere. Anadandaula za kayendetsedwe ka dalaivala, anamaliza mandasi onse otsala. Ine ndinali kumbuyo kwawo, kungomvetsera.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Nditalowa kukhitchini ndinawapeza atakhala pampando pakati peni peni, thaulo lili m'khosi, atagwira sizasi yanga yodulira nkhuku. Anati, "Esinati, tameta. Amayi ako akanandiona chonchi akanandigoneka panja." Amayi, ndikuvomera kuti ndinameta moipa. Kwina kwafupika, kwina kwatalika, ngati munda wopalira ana. Tadala ankasesa tsitsi uku akuseka. Nditamaliza ndinawapatsa galasi. Anadziyang'ana nthawi yaitali, anasisita mutu, kenako ananena chapansipansi kuti, "Basi, tsopano amayi ako apitadi." Anadzuka, anakavala tayi, ndipo tinapita kutchalitchi limodzi.

Ndakusowani kwambiri, Amayi, ndipo ndikudziwa kuti ntchito imeneyi sindiigwira ngati inu. Koma ndikulonjeza kuti asanakwere ndege ndiwametanso, mwina ulendo uno zilingana. Akafika kumudzi ndizikawaimbira mlungu uliwonse pafoni ya vidiyo, kuti ndiziona mutuwo ndi maso anga, ndiponso kuti asadzasowenso wolankhula naye.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kalekale,
Esinati