Muuzeni Clifton za Mfuti Zanu za Upayoniya

Partick, Glasgow

Achimwene anga a Ezekiel,

Moni kumeneko. Kodi bondo lija likukulolani kupalasa njinga? Ine ndili bwino, kungoti mphepo ya kuno imalowa mpaka m'mano. Mwana wanga Theresa akugwirabe ntchito kuchipatala.

Nkhani ndi ya mwana wake, Clifton. Akufuna kulowa usilikali wa kuno, ndipo akukasaina mwezi wamawa. Ndamva kuti amene mwamulimbitsa mtima pafoni ndinu, eti nkhondo ya Azungu ndi yongokhala pampando n'kumadina mabatani.

Lamlungu Clifton anandiwolotsa mlatho kupita ku Govan kukaona sitima yankhondo imene akupanga. Chitsulo chake ngati phiri. Akuti imeneyo mdani sangaikhudze, pakuti zida za adani awo n'zadzimbiri. Ndinamufunsa kuti anamuuza ndani. Akuti eni ake akuipangawo. Nanga wogulitsa tomato ananenapo kuti wake ngwowola? Ndinamufunsanso ngati adaniwo anamutsegulira nyumba kuti aone zimene abisa. Anangong'ung'udza Chingelezi chake cha kuno chija, choti ngakhale Mzungu wa ku London sangachimve. Ndikhulupirira kwa adaniko kulinso nkhalamba ina imene mdzukulu akuionetsa sitima, kuiuza kuti zadzimbiri ndi za kuno.

Inu muli Mpayoniya munkayankhula chimodzimodzi. Munkati mfuti zatsopano zili ndi inu, asilikali a boma angotsala ndi nsapato zopolisha. Mudzi wonse tinakhulupirira. Asilikaliwo atakubwererani mu 1993, munalimba masiku angati? Mfuti yatsopanoyo munaiponya m'chimbudzi. Mnzanu wa ku Dowa uja mpaka lero amake sadziwa manda ake.

Pempho langa ndi limodzi. Muimbireni, mumuuze zimenezi ndi pakamwa panu. Zanga amati ndi za nkhalamba yosaphunzira, koma inu amakutchani msilikali. Akasankha kupita atamva zoona, ndidzamuperekeza ndekha kusiteshoni. Koma ine ndili moyo, sapita atanyamula bodza lanu.

Mukakhala chete ndimuuza ndekha, ndipo sindisiyako zoti msilikaliyo anagona sabata yathunthu m'nkhokwe mwanga, atavala chitenje changa ndi duku kumutu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Lucia, ndi kwa mwana wanu Janet ndi ana ake.

Ndine mlongo wanu,
Malita