Galimoto Yofiira ya Bambo

Lolemba, 6 Meyi 2024

Bambo andiitana m'mawa ndisanapite ku shopu. Chiwagwirireni sitiroko mawu amatuluka movutikira, koma ndamva: "Pansi pa bedi. Bokosi." Ndakoka. Galimoto ija. Kachidole kofiira koyendetsa ndi rimoti, kamene anapatsidwa ndi bwana wa esiteti ku Chulu mu 1994 ali kapitawo. Zaka makumi awiri ndi zisanu osakaona.

Ati: "Lefina, iwe umakonza mafoni. Konza aka. Loweruka kayende."

Loweruka ndi tsiku limene achimwene anga a Vincent akubwera kuchokera ku Beira, kumene amayendetsa thiraki. Ndati chabwino.

Fodya m'chigafa akudikira wosankha. Ine ndi chidole.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ku shopu, pa Wimbe. Makasitomala ochepa. Ndapukuta fumbi. Mabatire anaolera momwemo, ufa woyera mbuu. Ndatsuka ndi madzi a ndimu ndi mswachi. Matayala ong'aluka. Tayala lakutsogolo lakumanzere likungolendewera. Mota yauma gwa.

Ndilembe pano, poti wowerenga palibe. Ndinathyola ndine.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo sankalola munthu kukakhudza. Ankakatulutsa pa Khirisimasi pokha, n'kuyendetsa okha, ife tikuonerera. Tsiku lina atapita ku okushoni ndinakatenga. Kanathamangira pansi pa ngolo, tayala la ngolo n'kukaponda. Ndinakabwezera m'bokosi, pakamwa tseke. Mawa lake Bambo anapeza achimwene kuseri kwa chigafa, galimoto ili m'manja. Anawakwapula ndi chikoti cha ng'ombe pamaso pa matenanti onse. Ine ndili chiimire pakhomo la khitchini. Achimwene anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanandiulule.

Sabata yomweyo anatumizidwa kwa amalume ku Mchinji. Sukulu inathera pomwepo. Anabwerako pa maliro a Amayi okha, ndipo Bambo sanawapatse moni.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndamasula chivundikiro cha pansi. Masikuluwu awiri adzimbiri, ndachita kuwaboola.

M'kati, pa kachitsulo kokhotetsa matayala, pali waya. Waya wa msampha wa mbewa, wokulunga mosamala, kasanu ndi kawiri. Pulasitiki pambali pake yosungunula ndi msomali wamoto. Si ine. Ine sindinatsegule m'kati.

Ndiye kuti kuseri kwa chigafa kuja ankakonza. Anandiona, ndipo ankafuna akonze Bambo asanadziwe. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti anangogwidwa akuseweretsa.

Ndatseka shopu masana. Mayi wina wagogoda ndi foni yake, sindinatsegule.

Lachinayi, 9 Meyi

Mota yazungulira nditaithira mafuta a makina osokera. Koma giya yaikulu yagweluka mano atatu. Ndapita kwa a Khamisi, ogulitsa zipangizo za njinga ndi mawayilesi akale. Tavundukula katoni yonse, tapeza giya ya wayilesi ya kaseti. Bowo lochepa, ndakulitsa ndi msomali. Iwo ati: "Mayi, zidole za ku China zili mbwee ku boma. Mukuvutikiranji ndi chakalechi?" Ndangoseka.

Matayala ndakulunga ndi chubu cha njinga. Batire ndatenga m'tochi ya sola yakufa. Waya wa achimwene sindinachotse, ndangowonjezera guluu pamwamba pake.

Bambo afunsa kawiri: "Kayenda?" Ayi, sikanayende.

Lachisanu, 10 Meyi

Rimoti zii. Ndayesa, ndayesa. Magetsi azima cha m'ma teni, chowotcherera osagwira. Ndatenthetsa msomali pa mbaula kwa mayi wokazinga chipisi. Kawaya ka eriyo kanaduka m'kati. Ndalumikiza. Ndadziwotcha chala.

Folo koloko: kayenda! Kuchoka pa kauntala mpaka pakhomo. Kukhotera kumanja bwinobwino, kumanzere monyinyirika. Ndakhala pansi pa simenti.

Uthenga wa achimwene: "Ndifika mawa masana. Ndigona tsiku limodzi." Basi.

Ndinene? Bambo BP yawo ndi imeneyi, anesi anati asamakwiye. Ndikanena, mwina ndiwapha. Ndikapanda kunena...

Loweruka, 11 Meyi

Achimwene afika pa njinga yamoto ya kabaza cha m'ma thu. Anenepa, imvi m'ndevu. Ine andikumbatira. Kwa Bambo angopereka dzanja ali chiimire, osagwada. Takhala pakhonde. Nkhani ya mvula, mitengo ya fodya, msewu wa ku Dedza.

Bambo andikodola. Ndaika galimoto pabwalo, rimoti pamwendo pawo. Akankha ndi chala cha dzanja labwino lija. Kathamanga, fumbi kobo, nkhuku balala. Bambo aseka, koyamba chidwalireni. Achimwene maso pagalimoto, osaphethira.

Ndiye Bambo awatambasulira rimoti. Ati: "Tenga, mwana wanga. Zija zinatha. Ndakukhululukira."

Nkhope ya achimwene! Aimirira pang'onopang'ono, asasa fumbi pa thalauzi. Ati: "Zikomo, Bambo." Atenga chikwama. Ndaona kuti akatuluka pampandapo sadzabweranso, ngakhale pa maliro.

Mawu atuluka okha. "Bambo, ndinathyola ndine. Achimwene ankangokonza."

Achimwene ati: "Khala chete, Lefina. Unali mwana."

Ndati: "Inunso munali mwana."

Bambo ayang'ana ine, ayang'ana iwo. Rimoti yagwa, batire kugubuduzika mpaka pamasitepe. Palibe watola. Bambo ati tiwalowetse m'nyumba. Ndayandikira, andikankha dzanja. Awanyamula ndi achimwene, okha.

Chakudya chamadzulo Bambo sanadye. Mankhwala alandira kwa achimwene, kwa ine akana. Ndawayeza BP: yakwera, koma osati ngati tsiku la sitiroko lija.

Lamulungu, 12 Meyi

Kutchalitchi sindinapite. Chikwama cha achimwene pakhomo kuyambira sikisi. Wakabaza anapangana naye naini. Bambo chidzukireni sanandilankhule. Phala ndaika patebulo, lazizira pomwepo.

Eyiti koloko Bambo aitana achimwene kuchipinda. Chitseko tseke. Ndasesa bwalo kawiri. Mawu a Bambo okha, otsika, oduka-duka. Kenako phokoso limene sindinalimvepo chibadwire. Bambo akulira.

Wakabaza wafika, waliza hutala. Kachiwiri. Kachitatu. Achimwene atuluka maso ali psuu, amuuza kuti abwere Lachitatu. Andidutsa, kenako abwerera. Ati: "Fodya uja mukufuna aolere m'chigafa? Zingwe zili kuti?" Ndawalozera. Avula shati, apita.

Ndikulemba izi pakhonde. Galimoto ikadali pabwalo pomwe inaima dzulo, yanyowa ndi mame.

Bambo akuitana. Osati achimwene. "Lefina." Kawiri tsopano. Mawu awo sindikutha kuwamva ngati ndi aukali kapena...

Ndikupita.