Malabwe sanafike pa makedzana

Moatize

Okondedwa Bambo,

Ndikupatsani moni ndi manja awiri. Kodi mwendo uja ukukulolani kutsikira kudimba? Ife kuno tili bwino, kungoti kutentha kwanyanya, ndipo fumbi la malasha silisiya malaya oyera pachingwe. Bambo a Pililani akugwirabe kumgodi.

Chandilembetsa ndi liwu limodzi, musandiseke. Ku Mualadze, kumene eni mgodi anasamutsira apongozi anga a Sebastião ndi anzawo kuchoka ku Malabwe, akhristu amaliza kumanga katchalitchi kawo. Padiri adzabwera kudzakadalitsa kumapeto kwa mwezi uno. Popeza ndinakulira m'nyumba ya katekisita ku Zóbuè, andisankha kuti ndidzawerenge mbiri ya mpingowo m'Chinyanja.

Mbiriyo analemba ndi mphunzitsi wina wachinyamata, dzina lake Celso, ndipo anailemba bwino ndithu. Imayamba kuti makedzana anthu awa ankakhala ku Malabwe, m'mbali mwa mtsinje. Ine liwulo linandikomera m'kamwa. Ndinakumbuka inu mukuwerenga za Abrahamu, ife tili pamphasa.

Nditakayeserera pamaso pa apongozi, eee, nkhope inagwa. Anandifunsa ngati iwo ndi mzukwa. Anati makedzana ndi nthawi imene palibenso wotsala woilira, pamene iwo mtengo wa mango umene anabzala kumeneko akuudziwa ndi kakomedwe kake komwe. Amayi a mwamuna wanga anawakwatira kumeneko, njerwa za nyumba anaumba okha.

Celso naye sakugonja. Akuti liwulo ndi laulemu, la m'mabuku, limaveka zinthu zakale chovala cha pa Misa. Akuti "kale" ndi liwu la pamsika, lonenera ngakhale mtengo wa tomato wa chaka chatha. Akutinso ana obadwira ku Mualadze sadziwa Malabwe, ndiye kwa iwo ndi makedzana basi.

Tsono ine mutu waima. Kodi kale limasanduka liti makedzana, Bambo? Amawerenga zaka, kapena amadikira kuti mboni yomaliza iikidwe? Nanga malo akafafanizika, osatsala ndi chitsa chomwe, amafulumira kukalamba kuposa eni ake? Ndafunsa amayi anzanga pamsika, angondiseka kuti Cândida wayamba ukatekisita pa mulu wa kabichi.

Zoseka zili apo, koma ndili ndi mantha. Apongozi amenewa anandilandira ngati mwana wawo, ine mlendo wosadziwa ndi Chinyungwe chomwe. Pondiperekeza kokwerera chapa, minibasi ija, anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mwananga, ukadzalitchula liwu limenelo ine ndili pabenchi, udzakhala wandiika m'manda ndikupenya."

Pempho langa ndi ili. Mundilembere maganizo anu, inu amene mwakalamba ndi mabuku a Chinyanja, mupatse woyendetsa chapa amene wakubweretserani kalatayi. Celso amakulemekezani, mawu anu adzawamva. Mukati liwulo lichoke, ndidzamusonyeza. Mukati lili pamalo pake, sindidzatsutsana nanu, koma pepalalo ndidzalibweza, awerenge wina. Ine ndidzakhala pabenchi pafupi ndi apongozi.

Mupereke moni kwa azakhali, kwa achimwene ndi alamu, ndi ana onse. Mdzukulu wanu Pililani akuti mumusungire mapichesi.

Tsalani ndi Mulungu.

Ine mwana wanu,
Cândida