Lolemba Ndidzakweza Maso

Amayi, kumeneko kwacha bwanji?

Kuno kutsidya la nyanja, ku Wheaton, tilipo. Mdzukulu wanu Chisomo wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija. Maungu amene ndinadzala kuseri kwa nyumba agologolo amaliza, ndangopulumutsako nkhwani.

Koma mtima wanga suli m'malo. Chaka chino ndikusamalira agogo ena ku Gaithersburg, Mayi Dorothy, Mngelezi amene anakwatiwa kuno kalekale. Mutu wayamba kuwasokonekera. Mayina a zidzukulu amaiwala, koma sewero la apolisi a kwawo ku Mangalande, la pa kanema, saliiwala. Analiyamba mano ali onse m'kamwa, mpaka lero silinathe. Masana aliwonse timakhala limodzi, iwo ndi tiyi wawo, ine ndikupinda zovala. Wapolisi wake, mkulu wa jekete lotuwa, akangokhazika munthu pampando kuti amufunse, agogo amaloza ndi supuni: "Ndi yemweyo! Taona, akuyang'ana pansi." Kawirikawiri amalondola. Ndinkaseka, Amayi.

Sabata yatha anadzigunda pachitseko cha kubafa, mkono n'kutupa, n'kuda bii. Mwana wawo wamwamuna atafika anandifunsa chomwe chachitika. Ine, monga munandilerera, ndinapinda manja n'kuyankha maso ali pansi. Paja munkati, "Mwana woleredwa satong'olera maso akuluakulu," ndipo ndikaiwala munkanditsina khutu. Ndili mkati mofotokoza ndinamva supuni ikugogoda kapu. "Ndi yemweyo," anatero agogo mofatsa. "Chibwerereni sanandiyang'anepo m'maso."

Mwana wawoyo sanaseke. Anandiyang'anitsitsa, n'kutuluka kukaimba foni panja. Mawa lake ndinapeza kakamera pamwamba pa kabati. Lolemba kukubwera munthu wa boma woona za nkhalamba kudzandifunsa mafunso. Akakalemba kuti ndinawapweteka ndine, ntchito yosamalira anthu yathera pomwepo, palibenso nyumba idzanditsegulire chitseko. Ndikuopa, Amayi, ngakhale chakudya sichikulowa.

Sewero lija tikuonerabe, nanga ndikanalithimitsa bwanji? Dzulo wapolisi uja anali kufunsa mayi wina wantchito. Agogo kanemayo sanamuyang'ane n'komwe, ankangoyang'ana ine.

Ndayamba kuyeserera kuyang'ana munthu m'maso pagalasi la kubafa, ndipo pamenepo ndikutha. Lamulungu ndinayesa kwa abusa athu potuluka m'tchalitchi, maso anangogwa okha asanamalize kundipatsa moni. Munandilera bwino mopyola, Amayi.

Choncho ndalemba kuti ndipepeseretu. Lolemba ndidzachita mwano umene munandiletsa. Munthu wa bomayo, kaya akhale wa imvi mutu wonse, ndidzamuyang'ana m'maso kuyambira funso loyamba mpaka atatseka buku lake. Ndikulonjeza kuti sindidzawonjezera kanthu kapena kuchotsa, ndidzanena za chitseko chija basi. Khutu ndakusungirani, mudzanditsine tikadzakumana.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike