Nthutumba Ndinaponyera Galu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinakusiyani? Ine ndili bwino, ndikuphikabe kwa Dona kuno ku Limbe. Mlongo wanga Esinati wabereka mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Chimanga cha m'munda mwanu ku Mpingwe chachita bwino chaka chino, koma nkhokwe imene chalowa mukuidziwa.

Mwini nkhokweyo, alongo anu amalume a Matope, anabwera Loweruka madzulo atakwapatira nkhuku. Atha, amayi, angotsala mafupa. Akuti chikuikireni inu tulo sakutiona, amakulotani mutaima pakhomo pawo ndi mbale yopanda kanthu. Woombeza anawauza kuti abweretse nkhuku kwa ine mwana wanu, tidyere mbale imodzi, ndiwapatse nthutumba ndi dzanja langa monga tichitira ndi munthu wolemekezeka. Zikatero mtima wanu ugona, iwo achira. Zikapanda kutero, mvula ikubwerayi saiona.

Nkhukuyo ndinaizindikira, yamawanga, mwana wa thadzi lanu lija. Mukukumbuka mutagona mumsasa wa kumunda umene anakutayanimo, mmene munapemphera msuzi wa nkhuku? Iwo anati nkhuku saphera munthu amene ali kale panjira.

Ndinailandira ndi manja awiri, ndinawayalira mphasa kuseri kwa khitchini pamene akanatha kuona zonse. Mwayi wake Dona anali atangondiuza kuti kukubwera alendo, ndikonze chakudya chachangu. Azungu ali ndi chakudya china chimene inu mukanaseka nacho mpaka kutsokomola. Ndinaipha, kuisosola, kuchotsa nyama ya pachifuwa yokha, kuikazinga pang'ono ndi kuiduladula. Kenako ndinathyola timasamba towawa ngati mpiru timene Dona anadzala kuseri, ndinatitsuka, osatiphika ayi, kungothira mafuta, ndimu ndi mchere, nyama pamwamba. Amachitcha saladi. Madzi a tiyi asanawire, nkhuku ya amalume inali patebulo.

Anaiona ikudutsa m'mbale yoyera, anaimva ikutha ndi mafoloko, azungu akuseka nkhani zawo za fodya. Amalume ankangodikira nthutumba.

Inu munkati mlendo akapanda kuona nthutumba m'mbale, atenge ndodo yake, pamudzipo safunidwa. Ndinaiwotcha bwinobwino pamakala, ndinaiwaza mchere, ndinatuluka nayo kufika pamphasa pawo. Anatambasula manja onse awiri. Ine ndinaimba mluzu, galu wa Bwana anabwera, ndinamuponyera. Sanatafune n'komwe.

Amalume anangoti, "Yotamu, ndife magazi amodzi." Ndinawayankha kuti nthutumba sapatsa munthu amene ali kale panjira. Kuti asanene kuti kwa mwana wanu anachoka ndi njala, ndinawapatsa masamba otsala m'mbale za azungu. Anadya, amayi, misozi ili chuchuchu. Paja munkati masamba aawisi ndi a mbuzi. Chisoni sindinamve ngakhale pang'ono, ndinamva kukoma.

Esinati akuti ndalakwa, inu simunali wosunga mangawa. Mwina akunena zoona. Koma iye sanalipo pamene munkanyambita milomo mumsasa muja.

Lamulungu ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo ndikulonjeza kuti ine ndili moyo, mbale yanu ija amalume sadzaidzaza. Inu musagone msanga, amayi. Imanibe pakhomo pawo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yotamu